Mikono Yaifupi ya Wendell

Dzina la Wendell Crutcher linatuluka pa kanema nthawi ya malonda. Anzake osankhidwa tsiku loyamba amaitanidwa pa nsanja ndi nyimbo, amayi awo akulira m'madiresi atsopano. Lake linangodutsa m'munsi mwa kanema m'timalemba ting'onoting'ono, pamwamba pake munthu wina akutsatsa matayala a galimoto. Ndime yachisanu ndi chiwiri ya chisankho, yomaliza, munthu wa nambala 243. Wophethira sakanaliona.

Janelle Whitlow sanaphethire. Kuyambira Lachinayi, tsiku limene matimu akuluakulu a mpira wa ku America anayamba kusankha anyamata omaliza makoleji, maso ake anali pa timalemba timeneto. Loweruka limenelo masana anali mu babashopu ya bambo ake ku Pellam, atanamizira kuti wabwera kudzathandiza kusesa tsitsi. Malo amodzi omwewo, pansi pa kanema, anali atawasesa kasanu.

"Amutenga," anatero, tsache n'kugwa. "Abale, tayang'anani. Timu yathu yamutenga Wendell."

Madala amene amakhala pa benchi ya m'babashopumo Loweruka lililonse, ena opanda ndi tsitsi lomwe loti ametetse, anadzuka onse kukasuzumira.

"Mwana wa a Crutcher?" anafunsa a Cleon, amene anagawa makalata m'tauniyo zaka makumi atatu ndipo palibe khomo limene salidziwa. "Uja ankamaliza nkhuku yekha pa phwando la kutchalitchi?"

"Yemweyo," anayankha a Hosea, mnzawo wokangana naye. "Mapaundi 312. Koma miyendo ali nayo mnyamata ameneyo. Ndinamuona akuvina pa ukwati wa mdzukulu wanga. Thupi lonse lija, phazi osamveka pansi."

"Kuvina si kutchinga, achimwene. Koleji yake ndi yaing'ono, ankatchinga ana a alimi a mtedza. Uko akupitako kuli zimphona."

"Ndiye amutengeranji?"

"Amatenga. Chaka chatha anatenganso wina ndime yomweyi. Ali kuti lero? Dzina lake mukulikumbuka?"

A Hosea sanalikumbuke, ndipo zinawapweteka.

Wendell ndi wotchinga, mmodzi wa anthu asanu aja amene amaima kutsogolo ngati mpanda kuti woponya mpira asagwetsedwe. Mpira saugwira, zigoli samwetsa, ndipo masapota ambiri nkhope yake saidziwa. Janelle ankaidziwa bwino. Anali pa chibwenzi chaka chachiwiri, tauni yonse ikudziwa, mbusa akudziwa. Amene ankachita ngati sakudziwa anali a Orrin Whitlow okha, bambo ake, omwe pa nthawiyi anali chiimire kumbuyo kwa mpando, makina ometera akulira m'manja, kanema osamuyang'ana.

Pa mpandopo panali Bryce Tolliver, mutu atametedwa mbali imodzi. Uyu ndi amene ankaponya mpira ku sekondale ya Pellam masiku ake, ndipo mpaka lero amayenda ngati anthu akumuwomberabe m'manja. Tsopano amagulitsa galimoto pamalo a bambo ake. Janelle anali atamukana katatu, koma Bryce mawu oti ayi amawamva ngati oti ubwerenso.

"Ndime yomaliza ndi ya makombo," anatero Bryce, akudziyang'ana pa galasi. "Amatenga anthu oti akuluakulu aziwagunda pokonzekera. Koma bwanji tikuvutika? Katswiri tili naye pompano. Bambo Whitlow, inu munafikako kumeneko. Tiuzeni."

Onse anacheukira kwa a Orrin. Pa khoma panali chithunzi chakale cha a Orrin atavala chisoti cha timu yomweyo, khosi ngati la ng'ombe. Iwo anazimitsa makina, n'kuuzira tsitsi limene linali pa mano ake.

"Mikono," anatero. "Anamuyeza mu February. Mainchesi 32. Wotchinga wa mikono yosakwana 33, mdani amamugwira pachifuwa iye asanamufike. Kumapeto kwa August, akamadula mayina kuti atsale 53, mudzamuona pano akudzametetsa."

Janelle magazi anamuthamanga. Anatola tsache lija n'kuliimika bwinobwino pakona.

"Adadi, anyamata masauzande anadikira foni sabata ino. Ambiri sinalire. Munthu wa ku Pellam womaliza kusankhidwa Wendell asanasankhidwe anali ndani?"

Madala anayang'ana pansi. Yankho linali pa khoma.

"Ndine," anatero a Orrin. "Ndipo ndi ine pano, ndikumeta Bryce."

Anayatsanso makina awo.

* * *

Janelle asanafike pa galimoto, foni yake inanjenjemera. Anali Wendell.

*Waona?*

*Ndaona. Tauni yonse yaona.*

*Amayi akulira, akuseka, akuitana anthu amene sitikuwadziwa. Bwera msanga.*

Kwa a Crutcher galimoto zinali zitadzaza mpaka pa udzu. Utsi wa nthiti zootcha unali tolo, ndipo amayi a Wendell, chikwangwani cha pachifuwa cha kuntchito asanachivule n'komwe, ankakumbatira aliyense wolowa pageti. Janelle anazungulira kuseri. Ankadziwa kumene munthu wake amathawira anthu akachuluka.

Anamupeza atakhala pa masitepe, atavala kapu ya timuyo imene mnansi wina anathamangira kukagula. Inali yaing'ono, inangokhala pamwamba pa mutu ngati chivundikiro cha poto wina. Janelle anaima kaye n'kumuyang'ana. Ananyada mpaka pachifuwa kumupweteka.

"Ukudziwa kuti foni yoyamba sindinayankhe?" anatero Wendell. "Nambala yachilendo. Ndimaganiza kuti ndi anthu a inshuransi aja."

"Wendell, ukunama."

"Zoona. Yachiwiri ndi imene ndinayankha, mokalipa. Ndati, abwana, galimoto ndilibe. Munthu uja akuti, galimoto ugula, ndine mphunzitsi wa otchinga."

Janelle anaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inakhala yeniyeni. Anakhala pambali pake n'kutsamira mkono uja anthu ankaukangana m'babashopu. Kwa iye unali wokwanira ndithu, unkamuzungulira yense n'kutsalako.

"Adadi ako ati chiyani?"

Janelle anayamba kukonza kapu ija.

"Mikono," Wendell anadziyankha yekha. "Usavutike, ndinadziwa. Aliyense amanena mikono. Amayi ati pobadwa inali yaitali, inafupika chifukwa chosatsuka mbale."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa kabokosi kakuda. M'dzanja lakelo kankaoneka ngati mtedza.

"Lachinayi ndikunyamuka, akutifuna ku kampu ya timu. Sindikufuna kupita ndisanapemphe. Mawa mukaweruka kutchalitchi ndikubwera kwanu."

"Bwanji osapempha ine?"

"Iwe unavomera kalekale. Pa mlatho paja, ndili ndi ndodo zoyendera."

Zinali zoona. Ndipo zinalinso zoona kuti Janelle sakanakwatiwa bambo ake asanadalitse. Amayi ake anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Munthu amene anaphunzira kumuluka tsitsi ndi zala zopindika za wotchinga wakale, sakanamusiya atakhala yekha pa benchi yakutsogolo tsiku la ukwati, nkhope ili ndwii. Ankafuna onse awiri, ndipo sankaona kuti n'kupempha zambiri.

Foni yake inanjenjemeranso, ili pa mwendo. Onse awiri anawerenga.

*Pepa ngati ndinalankhula kwambiri. Azakhali ako andiitana chakudya chamasana mawa. Ndibweretse chiyani? Bryce.*

Wendell anapuma mozama. "Zaka zitatu ku sekondale ndinkamutchinga ameneyu. Lero akufuna kudutsa kumbuyo kwanga komweko."

"Uli ndi nsanje?"

"Ndilibe."

"Ndiye kabokosi ako ukukafinyiranji? Uphwanya mphete yanga."

* * *

Azakhali a Verna, mlongo wawo wa a Orrin, anakazinga milamba, anaphika chikondamoyo ndi masamba, ndipo tiyi wozizira anathiramo shuga mosaumira. Iwo Wendell sankadana naye. Kungoti ankakhulupirira kuti mtsikana aziona katundu yense asanagule, ndipo Bryce anali ndi nyumba yakeyake ya njerwa.

Bryce anabwera ndi maluwa awiri, a azakhali ndi a Janelle. Wendell anabwera ndi jekete imene mabatani ake ankapempha chifundo. Atakhala, mpando unalira. A Orrin anapemphera pemphero lalifupi kwambiri m'mbiri ya nyumbayo.

Poyamba zinayenda bwino. Anakamba za ulaliki, za mvula, za mtengo wa mafuta. Koma Bryce akakhuta pakamwa pamamuyabwa.

"Ine ndakondwa nawe, mkulu," anatero, akumenya Wendell pa phewa. "Zoona. Koma tinene chilungamo, tili pachibale pano. Usiku wathawu ndinaonera zigawo zabwino za masewero a koleji yako, zaka zinayi zonse. Dzina lako sindinalimve ngakhale kamodzi. Woulutsa sanakutchule n'komwe."

"N'zotheka," anatero Wendell, akuchotsa minga.

"Ngakhale ku sekondale. Tinasewera limodzi, koma ndikakumbuka sindiona tsiku limene unachita chinthu choti bwalo liimirire. Musandimve molakwa, azakhali, ndi munthu wabwino. Koma timu ija inkayenda chifukwa cha miyendo iyi ndi mkono uwu. Funsani amayi anga. Yunifolomu yanga sankavutika nayo kuchapa. Mvula kaya matope, ine ndinkatuluka m'bwalo woyera ngati ndikupita ku ubatizo."

Janelle anatsegula pakamwa, koma wina anamutsogolera. A Orrin anaika foloko pa mbale pang'onopang'ono.

"Woyera," anatero.

"Woyera, bambo."

"Ndipo ukuganiza kuti ankakuyeretsa ndani?"

Bryce anaseka, akuyembekeza kuti ena aseka naye. Palibe anaseka.

"Vuto la anthu ngati iwe," a Orrin anapitiriza, mawu akukwera, "mumaonera mpira ngati ana, maso pa mpira basi. Kumene wapita mpira, maso komweko. Wotchinga dzina lake silimveka akagwira ntchito. Limamveka akalakwa. Woyimbira amaponya kansalu kachikasu, n'kuitana nambala yako bwalo lonse likumva, amayi ako akumva. Ukamva zii zaka zinayi, udziwe kuti munthuyo ndi woopsa. Iwe unkatuluka woyera chifukwa matope ako onse ankasenza uyu."

"Bambo Whitlow, ine ndimangonena kuti..."

"Masewero 41 ku koleji. Woponya wake anagwetsedwa kuchokera mbali yake kamodzi kokha, tsiku la mvula lija mu October, ndipo chinamupereka ndi nsapato, osati mutu. Kansalu anamuponyera kawiri. Kachiwiriko woyimbira analakwitsa, anagwira ndi nambala 76, iye ndi 67. Phazi lake loyamba limatera mdani asanaganize kumene akupita. Chinthu chimenecho sichiphunzitsidwa. Ine ndaona otchinga zaka makumi anayi, ndipo m'chigawo chino sindinaone..."

Anaima pomwepo. Anazindikira kuti aliyense wasiya kutafuna.

"Adadi," anatero Janelle mofatsa, "inu munati simuonera mpira wa makoleji ang'onoang'ono."

A Orrin anatenga tiyi n'kumwa nthawi yaitali.

"Ndiye umaganiza kuti Lolemba lililonse akadzitsekera m'chipinda chakuseri kwa babashopu amawerenga Baibulo?" anatero azakhali a Verna. "Ine ndinatopa nazo. Kanema mmodzi yemweyo, kubweza, kubweza. Verna, taona phazi ilo. Ine phazi la mwana wa eni ndilionerenji?"

Janelle anayang'ana Wendell. Chimunthu chonse chija chinali chitaweramira mbale. Anthu ambiri anali atamuyamikira kuyambira dzulo, koma aka kanali koyamba kuti munthu amuuze kuti anaona zimene ankachita. Janelle anafuna kuimirira pa mpando n'kuitana msewu wonse. Anangowonjezera bambo ake chikondamoyo.

Bryce anakumbukira mwadzidzidzi kuti pali munthu wofuna kuona galimoto. Lamulungu. Azakhali anamukulungira nsomba, ndipo palibe anamuletsa.

* * *

A Orrin anatsegula dirowa ya kukhitchini n'kutenga tepi yoyezera.

"Tiye panja," anauza Wendell.

Janelle anaima pakhonde, mtima uli m'mwamba. Pansi pa mtengo, bambo ake anavulitsa Wendell jekete, n'kumutambasulitsa mkono. Anaika tepi pa fupa la phewa n'kuikoka mpaka kunsonga ya chala chapakati. Anawerenga atatsinzina diso limodzi.

"32 ndi kachidutswa. Sananame." Anapereka tepiyo kwa Wendell n'kutambasula wawo. "Ndiyeze."

"Bambo?"

"Ndati ndiyeze."

Wendell anayeza mwaulemu, ngati akugwira chinthu cha m'tchalitchi. "32," anatero.

"32. Ndime ya khumi ndi chimodzi. Masiku amenewo zinkafika khumi ndi ziwiri. Miyendo ndinali nayo ngati yakoyo, mutu ndinali nawo. Ndinadutsa kudula koyamba, kwachiwiri. Tsiku lomaliza, m'mawa, munthu anagogoda pa chitseko cha chipinda changa. Amalankhula mwaulemu anthu amenewa. Anati, mphunzitsi akukufuna, utenge ndi buku la timu. Akati utenge buku, ndiye kuti kwatha." Anakulunga tepi ija. "Sindikuti ndiwe wosatha, mnyamata iwe. Ndikuti ine ndinali wokhoza, ndipo sizinakwanire."

Wendell anaima njo. Anatulutsa kabokosi kaja.

"Bambo Whitlow, ndabwera kudzapempha Janelle. Ndimamukonda. Sindidziwa kulankhula zambiri, koma ntchito yanga ndi yoima kutsogolo kwa munthu kuti kanthu kasamukhudze. Imeneyo ndimaitha."

A Orrin anayang'ana kabokosiko, ndipo Janelle anaona ndi maso ake kuti afewa. Akanangoti inde, nkhani ikanathera pansi pa mtengo pomwepo. Koma munthu amene anaimbidwa m'babashopu zaka makumi atatu kuti ndi katswiri sabweza mawu tsiku limodzi, makamaka mawu amene ananena dzulo lake a Cleon akumva.

"Osati lero," anatero. "Kumapeto kwa August. Dzina lako likakhala pa anthu 53 aja, ubwere, upemphe, ndidzakuyankha bwino. Mwana wanga sanyamula masutikesi kutsata munthu amene sakudziwa kumene adzagone mwezi wamawa."

Janelle anayembekeza kuti Wendell atsutsa, kapena achonderera. Anaiwala kuti munthu wofatsa kunyada kwake kumakhala pansi kwambiri, ndipo ukakukhudza sikubwerera. Wendell anagwedeza mutu, anatenga dzanja la a Orrin, n'kuikamo kabokosiko.

"Sungani inuyo. Ndidzakatenga ndekha." Mawu ake sananjenjemere. "Ndipo ndikulonjezeni ngati mwamuna. Dzina langa likapanda kukhalapo, simudzandionanso ku Pellam. Sindidzabwera kudzametetsa. Sindidzachititsa manyazi nyumba ino."

Nkhope ya a Orrin inasintha ngati munthu wamva uthenga wa maliro.

"Ine ndilipo pano," anatero Janelle akutsika pakhonde. "Mukundiona? Kapena mundiyeze nanenso ndi tepi, mwina mundiona."

"Janelle, iyi ndi nkhani ya..." anayamba a Orrin.

"Ya amuna? Mphete ndi yanga, chala n'changa, koma mwapatsana awiriwiri ngati makiyi a galimoto. Wendell, ine ndinakuvomera uli pa ndodo, dokotala akunena kuti mwina sudzaseweranso. Panalibe mndandanda tsiku limenelo. Akudule, asakudule, ndiwe yemweyo."

"Kwa iwe," anatero Wendell. "Koma ine sindikufuna kulowa m'banja lino chifukwa anthu andimvera chisoni. Ndikufuna adadi ako adzanene m'babashopu muja, a Cleon akumva, kuti analakwitsa."

"Ndiye ukukwatira ine kapena babashopu?"

Wendell anawerama. Anatola jekete yake, anagwira a Orrin chanza, anathokoza azakhali chifukwa cha nsomba kudzera pa windo. Pa geti anacheuka kamodzi, n'kumuyang'ana Janelle ndi maso oti ndimvetse. Janelle anamumvetsa, ndipo n'chimene chinamupsetsa mtima kwambiri. Ankayenda mowongoka munthu uja, mapewa atadzaza msewu, ndipo ngakhale ali wokwiya choncho Janelle sanathe kuletsa mtima wake kumunyadira.

A Orrin anatsala pansi pa mtengo, kabokosi m'dzanja lina, tepi m'dzanja lina.

* * *

Azakhali a Verna ankatsuka mbale mwaphokoso, chizindikiro choti ali ndi mawu.

"Wamva zimene wanena mnyamata uja?" anafunsa osacheuka.

"Ndamva, azakhali."

"Ine ndinazimvapo kale. Mawu omwewo, pafupifupi malo omwewo. Bambo ako akuuza agogo ako, bambo a amayi ako. Ndikapanda kukhala pa mndandanda, simudzandionanso." Anapukuta manja. "Anakuuza kuti atamudula anabwerera kuno n'kutsegula babashopu, eti? Amadumpha zaka zitatu pakati pamenepo."

Janelle anakhala pansi.

"Zaka zitatu, mwanawe. Kalata ayi, foni ayi. Ankangoyendayenda, timu iyi sabata ziwiri, timu iyo mwezi, mpaka mawondo anatha. Manyazi anamutsekera njira yakwawo. Amayi athu anamwalira iye kulibe. Amayi ako anadikira, anthu akuwaseka, amuna ena akubwera ndi maluwa ngati Bryce wakoyu. Tsiku lina anatopa. Anatenga sutikesi, anakwera basi, anakamupeza kumzinda wa Toledo akutsuka galimoto za anthu. Anamugwira khutu n'kubwera naye."

"Ndiye bwanji lero anena zimene anenazi? Iwo akudziwa kumene zimathera."

"Akudziwa. Unaiona nkhope yake? Ankafuna kukutchingira masutikesi, ndiye wakankhira mwana wa eni m'dzenje lake lomwe. Koma kuti athamange pamsewu n'kunena kuti bwerera, ndalakwa? Orrin? Bola umupemphe impso."

Janelle analowa m'chipinda chimene chinali cha amayi ake. Pamwamba pa kabati panali sutikesi yobiriwira, yothothoka m'makona, imene kuyambira ali mwana ankaiona osaifunsa. Anakwera pa mpando n'kuitsitsa. Fumbi linamutsokomoletsa. Anaiika pa bedi n'kuitsegula. Munali mopanda kanthu, kupatula fungo la sopo wakale.

"Sutikesi imeneyo ndi ya amayi ako."

Bambo ake anali ataima pakhomo, atadzaza chitseko chonse. Kabokosi kaja kanali kadakali m'dzanja lawo.

"Ndikudziwa, adadi. Njira yokatenga munthu wouma mutu ikuidziwa kale."

"Verna amalankhula kwambiri."

"Amayi anadikira zaka zitatu asanapite. Ine sindidikira. Ntchito yanga ya unamwino ikupezeka kulikonse. Ndikakhala pafupi ndi kampuyo. Akagogoda pa chitseko chake m'mawa umenewo, akatuluke apeze munthu womudziwa ataima panja. Asagogode, ndidzakhala woyamba kukuimbirani."

"Janelle." Mawu awo anatsika. "Ndinakulera ndekha. Sindinakupemphepo kanthu. Dikira mpaka August."

"Muimbireni foni. Muuzeni kuti lonjezo lija simukulilandira. Mawu awiri okha, adadi, sutikesi iyi ndiibweza pamwamba."

A Orrin anayang'ana kabokosi kaja. Kwa kanthawi Janelle anakhulupirira kuti avomera. Kenako nsagwada zinauma.

"Mwamuna akalonjeza, mwamuna mnzake samumasula. Ndingamunyoze." Anakweza maso. "Ndipo iwe ukatuluka ndi sutikesi imeneyo Lachinayi, mphete iyi ndikaisiya kwa amayi ake tsiku lomwelo. Akhale pa mndandanda, asakhalepo, sipadzakhalanso chopempha."

Anatembenuka. Mawondo awo ankamveka kulira mpaka kukhonde.

Pa bedi foni inanjenjemera. Janelle anaitola mwachangu, akuganiza kuti Wendell wafika kwawo, mtima watsika, akufuna kupepesa.

*Usandiperekeze Lachinayi. Usabwere ku kampu, usandiimbire mpaka August. Ndikakuona ndifooka. Ndidzabwera ndi dzina langa pa pepala kapena sindibwera. Ndimakukonda.*

Anawerenga uthenga wa Wendell uja kawiri. Amuna awiri, mikono yofanana, mitu yofanana, aliyense akumutchingira kuti kanthu kasamukhudze, ndipo palibe anamufunsa kumene iye akufuna kupita. Onse ankawakonda, ndipo onse anali atamutsekera chitseko masana amodzi.

Anaika foni chafufumimba pa pilo. Anatsegula kabati, anatenga diresi yoyamba, anaipinda bwinobwino n'kuiika mu sutikesi.